Malonjezo a pa 31 Disembala ndi mvula ya mu Januwale

M'sutikesi momwe ndimasungamo makadi a sikelo a ana ndi zikalata za sukulu muli kope lachikuto chofiira. Ndinalipeza sabata yatha pofunafuna khadi la ubatizo la mwana wanga wamkulu, ndipo ndinangokhala pamkeka n'kuyamba kuliwerenga. Muli masamba anayi olembedwa usiku wa pa 31 Disembala, zaka zinayi zotsatizana. Inki ndi yosiyana koma mawu ndi omwewo: kuthamanga m'mawa uliwonse, kusiya shuga, kusiya zokazinga, kuchepetsa thupi ndi makilogalamu 10, kugona msanga, kusunga ndalama mwezi ndi mwezi, kuwerenga Baibulo lonse. Pansi pa tsamba lililonse pali siginecha yanga.

Ndikukumbukira mmene mtima unkakhalira polemba. Tinkachezera kutchalitchi, kuimba mpaka mawu kusasa, ndipo 12 koloko ikamayandikira abusa ankati aliyense aike pamaso pa Mulungu zimene akufuna kusintha. Kunja ana akumenya zitini, makombola akuphulika mbali zonse. Sindinkanama ayi. Ndinkafunadi kusintha, ndipo misozi imene inkatsika inali yochokera pansi pa mtima. Chimene sindinkachiona n'chakuti wolemba uja anali munthu wokhuta mpunga ndi nkhuku za Khirisimasi, wopuma pantchito sabata yathunthu, ali pakati pa khamu loimba naye limodzi. Woti akwaniritse anali wina, mayi wa pa 9 Januwale, wodzuka kukugwa mvumbi, malipiro amene analandira Khirisimasi isanafike atatha kalekale, fizi ya teremu yachiwiri ikudikira, mayi ake kumudzi akuimba foni kuti chimanga chayamba chikasu ndipo feteleza wobereketsa akufunika sabata yomweyo.

Kwathu kuno Januwale ndi mwezi wopalira ndi kubandira, mwezi umene nkhokwe zambiri zayera pansi ndipo mtengo wa chimanga uli m'mwamba. Ngakhale ife a m'tauni sitithawa, chifukwa njala ya kumudzi imatipeza pafoni. Ndiye mwezi womwewu ndi umene timausenzetsa katundu wa malonjezo asanu ndi awiri.

Chaka chimene ndinalimbikira kwambiri ndinagula nsapato zothamangira pakaunjika ku Limbe. Ndinathamanga masiku 9. Ndinkadzuka 4:30, kutsika msewu wa ku Chilomoni kukadali mdima, agalu akuuwa m'mipanda. Tsiku la 10 mvula inagwa usiku wonse, kamsewu kathu kadothi n'kusanduka phala. Ndinati ndiyambiranso mawa. Mawa lakelo mwana wamng'ono anadzuka thupi lili moto, malungo, ndipo tinakagona naye kuchipatala masiku awiri. Pobwerako ndinaziona nsapato zija kuseri kwa chitseko, matope atauma, ndipo mumtima ndinati basi, chaka chino chandikanika. Lonjezo ndinkaliona ngati dzira, loti likasweka kamodzi palibenso chotola. Pa 14 Januwale ndinali nditataya kale miyezi 11 yotsalayo.

Zikanapitirira choncho mpaka lero zikanapanda za bambo anga. Anagwa ali kumunda kwathu ku Ntcheu, khasu lili m'manja. Sanali onenepa, sankamwa mowa, ankalima kuposa anyamata. Kuchipatala anati ndi sitiroko, ndipo BP yawo, kuthamanga kwa magazi, iyenera kuti inali itakwera kwa zaka zambiri iwo osadziwa, poti BP sipweteka. Anakhala zaka ziwiri mkono ndi mwendo wakumanja zitafa, lilime lolemera moti dzina langa ankalitchula theka. Mayi ndiwo ankawasambitsa, kuwatembenuza usiku kuti asachite zilonda, kuwakhazika pakhonde m'mawa kuti aothere dzuwa. Munthu amene ankasenza thumba la chimanga yekha ankadikira kuti wina amugwirire kapu.

Patapita miyezi ingapo titawaika m'manda, ndinapita kuchipatala chifukwa cha mutu umene sunkamva panado. Namwino anandimanga lamba uja pamkono, anayeza, anandiuza kuti ndipume pang'ono, n'kuyezanso.

"Mayi, ili pa 158 ndi 98. Munayamba mwayezetsapo?"

"Ndili woyembekezera basi."

"Ikamapezeka pa 140 ndi 90 kapena kupitirira apo mobwerezabwereza timati yakwera. Mubwerenso sabata yamawa. Kwanu alipo amene anadwalapo BP?"

Sindinathe kuyankha msanga. Ndinangoona bambo ali pakhonde paja.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa kapena sankalandira mankhwala. Mukakwera minibasi mawa muwerenge anthu amene mwakhala nawo mpando umodzi. Kuyambira pamenepo nkhani yosintha kadyedwe ndi kayendedwe inasiya kukhala yofuna kulowanso diresi la paukwati. Ndinkafuna kuti ana anga asadzanditembenuze pabedi ndili ndi zaka 55.

Koma mantha okha sasunga chizolowezi. Ndinkadziwa kale kuti ndikalembanso mndandanda wa zinthu zisanu ndi ziwiri ndidzafika pomwe paja. Ndinayamba kuwerenga za anthu amene anafufuzapo nkhaniyi, ndipo ziwiri zinandikhala m'mutu. M'zaka za m'ma 1980 John Norcross wa ku yunivesite ya Scranton ku America anatsatira kwa zaka ziwiri anthu 200 amene anapanga malonjezo a chaka chatsopano. Itatha sabata imodzi, 77 mwa 100 alionse anali akusungabe. Zitatha zaka ziwiri anatsala 19. Zinanditonthoza kudziwa kuti ngakhale kumene kulibe mvumbi ndi feteleza wobereketsa anthu amagwa chimodzimodzi. Chachiwiri ndi cha Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London, chimene chinatuluka mu 2009. Anapempha anthu 96 kuti aliyense asankhe kanthu kamodzi kokhudza kudya, kumwa kapena kulimbitsa thupi, azikachita tsiku lililonse pa nthawi yofanana, monga akangomaliza kadzutsa. Kuti kanthuko kafike pochitika kokha popanda kudzikakamiza, wapakatikati zinamutengera masiku 66, wina 18 okha, wina mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkagwetsa zimene munthu wamanga kale. Nditawerenga pamenepo ndinakumbukira nsapato zija. Ndinazisiya pa tsiku la 10, ulendo usanayambe n'komwe, chifukwa cha masiku atatu amene sanali kanthu.

Amene anandithandiza kumvetsa bwino ndi mayi, omwe sanawerengepo za London. Ndinapita kukawaona mu Febuluwale, tikuyenda m'munda, ndikuwafotokozera za kope lija ndi zonse zimene ndinkafuna kusiya nthawi imodzi.

"Mwananga, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Gwira chimodzi."

Anawerama n'kukonza nyemba imene inali itagwera mumzere, n'kuikulungiza paphesi. Mayi amadzala nyemba zoyanga pakati pa mapando a chimanga, monga amachitira amayi ambiri kwathu. Sazizikira mitengo. Chimanga chilipo kale, chaima kale, nyemba imangogwira n'kumakwera. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Malonjezo anga onse ndinkawadzala pamtetete, popanda choyangapo. Kuthamanga 4:30 m'mawa kunalibe chogwira m'tsiku langa, kunkadalira kuti mtima ufune, ndipo mtima wa munthu wotopa sufuna kawirikawiri.

Nditabwerera ku Blantyre ndinayang'ana zimene zaima kale m'tsiku langa, zimene zimachitika kaya ndafuna kaya sindinafune. Choyamba chinali ulendo wa kuntchito. Ndimakwera minibasi ziwiri, ya ku Chilomoni kukafika m'tauni, kenako ina yopita cha ku Ginnery Corner. Ndinaganiza kuti ndikatsika yoyamba, yachiwiri ndisamakwere. Ndi mphindi pafupifupi 25 wapansi, kudutsa pa Clock Tower n'kutsata msewu wa Masauko Chipembere. Nsapato za muofesi ndinazisiya pansi pa desiki, ambulera n'kukhala wa m'chikwama mpaka kalekale. WHO imati munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata zoyenda ndawala kapena ntchito ina yotulutsa thukuta pang'ono, ndipo masiku asanu a kuntchito okha ankandipatsa 125. Ndalama ya minibasi yachiwiri ija inayamba kutsala m'chikwama, chinthu chimene mu Januwale si chaching'ono.

Chovuta sichinali miyendo. Anali maso a anthu. Mnzanga wa kuntchito anaimika galimoto tsiku lina n'kutsitsa galasi: "Asisi, kwerani. Zavuta kodi? Mukanangonena." Anali ndi mtima wabwino, ndipo n'chifukwa chake zinandivuta kukana. Tinakulira m'dziko limene kuyenda wapansi ndi chizindikiro cha kusowa, ndipo aliyense amene wapeza ntchito amafuna aonetse kuti anasiyana nako. Ine ndimaona kuti maganizo amenewa akutipha mwakachetechete. Agogo athu ankayenda mitunda kupita kuchigayo ndi kumsika, ife tikukwera kabaza mtunda woti munthu akhoza kuitana mnzake n'kumva. Ndinamuuza mnzangayo zoona zake, za BP ndi za bambo. Sanaimikenso galimoto, amangoimba hutala n'kubayibitsa.

Phesi lachiwiri linali tiyi wa m'mawa. Ndinkathira masupuni atatu a shuga, kawiri pa tsiku, ndiye masana n'kuwonjezera botolo la zoziziritsa kukhosi limene palokha limakhala ndi masupuni pafupifupi 8. WHO imalangiza kuti shuga wothira asapitirire masupuni aang'ono 12 pa tsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Zaka zonse zija ndinkalemba kuti "kusiya shuga", n'kumwa tiyi wowawa masiku anayi, lachisanu n'kubwerera ku atatu. Ulendo uno ndinkachotsa theka la supuni pa masabata awiri alionse. Lilime limazolowera mosadziwa. Pofika mwezi wa Meyi ndinali pa supuni imodzi, ndipo tiyi wa masupuni atatu nditamulawa kwa anzanga ndinalephera kumaliza kapu. Mapiritsi a BP amene anandipatsa ndinawaika m'kabati pambali pa chitini cha masamba a tiyi, kuti dzanja likamatenga china lizikhudza chinzake.

Za mchere ndiye zinali nkhondo, chifukwa pakhomo pathu munthu sadya yekha. Malangizo ambiri amene timawerenga pa intaneti amalankhula ngati aliyense ali ndi poto wake. Kwathu mphika ndi umodzi, ndipo ukasintha kadyedwe kako wasintha ka anthu asanu ndi mmodzi amene sanalonjeze kanthu pa 31 Disembala. Mlingo umene WHO imanena ndi wosakwana magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi kosadzaza, kuphatikizapo mchere wobisika m'buledi, m'soseji, m'tchipisi cha pachiwaya ndi m'timakiyubu tokometsera ndiwo. Ndinayamba ndi kuchotsa kambale ka mchere patebulo. Kenako ndinapempha mwana wa achemwali anga, amene timakhala naye ndipo ndiye amaphika masana, kuti azithira ndi supuni m'malo motapa ndi dzanja.

"Anti, ankolo akadandaula ndinena kuti ndi inu."

Anadandauladi, tsiku lachiwiri lomwe.

"Amake mwana, ndiwozi mchere mwaiwala?"

"Sindinaiwale, bambo. Ndachepetsa dala. Mukukumbukira mmene tinkawanyamulira bambo anga kupita nawo kubafa?"

Anakhala chete, n'kupitiriza kudya. Kwa sabata ziwiri ankadzuka kukatenga mchere kukhitchini, ine osanena kanthu. Kenako ulendo wa kukhitchiniwo unayamba kuwatopetsa, ndipo lero ndiwo zikawawa mchere kumaliro kapena kuukwati ndi iwo amayamba kundinong'oneza. Anyezi, tomato, adyo ndi nsinjiro zimatseka bwino pamene mchere wachoka.

Ufa nawonso tinasintha pang'onopang'ono. Ana ankati mgaiwa ndi wa kusukulu yogonera konko, ndipo ndikudziwa kuti kwa ambiri umakumbutsa chaka cha njala. Koma gaga amene timataya pokonola ndi amene ali ndi zambiri zofunika m'thupi, ndipo nsima ya mgaiwa imakhalitsa m'mimba. Tinayamba ndi kusakaniza, mbale imodzi ya mgaiwa pa ziwiri za woyera, mpaka tinafika theka ndi theka, pamene taima mpaka pano. Apa mpamene ndinaona kuti nyengo ya mvula, imene ndinkaiona ngati mdani wa malonjezo anga, ili ndi mphatso yake. Bonongwe, chisoso, luni ndi nkhwani zimangomera, pamsika mulu wake ndi wotsika mtengo, bowa naye amapezeka. Amene akufuna kuyamba chaka ndi chinthu chimodzi chimene mwezi wa Januwale ungamuthandize, ayambe ndi kudzaza mbale ya masamba, asiyenso kuthira soda wambiri amene amapha zofunika m'masambamo.

Pali china chimene sindinachiyembekezere, ndipo chimandipweteka mpaka lero. Thupi litayamba kutsika pang'ono, moni anasintha. Kale ndikafika kumudzi ankati, "Koma ndiye mwanenepa, banja likukuyanjani." Tsopano amayi ena a kutchalitchi anandikokera pambali n'kufunsa motsitsa mawu, "Mayi, muli bwinobwino koma? Kunyumba kuli mtendere? Mwakayezetsa?" Sindiwaimba mlandu. Tonse amene tinaona zaka za m'ma 1990 tikudziwa chimene kuonda kunkatanthauza, tinaika abale ambiri amene anayamba ndi kutha thupi. Mantha amenewo anatsala m'magazi mwathu. Koma zotsatira zake n'zakuti mayi amene dokotala wamuuza kuti achepetse thupi amaopa miseche kuposa sitiroko, ndipo ndikudziwa anzanga awiri amene anabwerera m'mbuyo pa chifukwa chimenechi chokha. Ine ndinasankha kumanena poyera. Aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti ndili ndi BP, ndikumwa mankhwala, ndipo ndikuyenda wapansi mwadala. Kawirikawiri wofunsayo amatsitsanso mawu n'kunena kuti nayenso anamupeza nayo.

Tsiku lina Lamulungu madzulo, tili pa banki nkhonde yathu, ndinazindikira kuti pa zaka 6 sindinajombepo popanda chifukwa. Lonjezo losunga ndalama ndekha linkafa chaka chilichonse m'kope lofiira, koma masheya a pagulu ndinkaponya ngakhale mwezi wovuta. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Pali tsiku lodziwika, pali amayi amene akudikira pamkeka, dzina limaitanidwa, ndipo wochedwa amalipira chindapusa. Ndinafunsa aneba anga, amene ali ndi matenda a shuga, ngati tingamayende limodzi Loweruka m'mawa cha kumunsi kwa phiri la Michiru. Kuyambira pamenepo 5:30 ikakwana pageti pamamveka, "Odi aneba, kwacha!" Masiku ambiri thupi limakana, koma sungasiye munthu wamkulu ataima pageti pako. Iwonso anandiuza kuti amadzuka chifukwa amaopa kundikhumudwitsa.

Mu Epulo chaka chathachi azakhali anamwalira, ndipo ndinakhala kumudzi masabata awiri. Pamaliro susankha chakudya. Tiyi amabwera m'ndowa shuga atathira kale, ndiwo amathira mchere ndi chikho, ndipo kukana mbale imene wakupatsa mlamu wako ndi chipongwe. Ndinadya zonse, mapiritsi okha ndiwo sindinaphonye. Nditabwerera ndinali wotopa ndi wosweka mtima, ndipo masiku anayi otsatizana ndinakwera minibasi yachiwiri ija. Mawu akale aja anabweranso, akuti waona, zakukanikanso. Lachisanu usiku ndinaimbira mayi, tikucheza za maliro, n'kuwatchulira zimenezi. Anati munda ukamera udzu chifukwa unali kumaliro suusiya, umangonola khasu. Loweruka aneba anagogoda, ndinatuluka. Lolemba ndinatsika m'tauni n'kuyamba kuyenda, miyendo yolemera ngati tsiku loyamba, koma pofika Lachitatu inali itakumbukira yokha.

Si zonse zinatheka. Kugona msanga kukundivutabe, foni imandigwira mpaka usiku, ndipo mandasi a 10 koloko kuntchito sindinawasiye, ndinangochoka pa atatu kufika pa limodzi. Makilogalamu 10 aja sanachoke, anachoka 4, ndipo sikelo ndinasiya kuiyang'ana sabata iliyonse. Nambala imene ndimaisamala ndi ya pamkono. Miyezi yapitayi yakhala ikuzungulira pa 130 ndi 84. Mankhwala ndikumwabe, ndipo ndikupempha aliyense amene akuwerenga kuti asasiye mapiritsi chifukwa akumva bwino kapena chifukwa wayamba kuyenda ndi kudya masamba. Kumva bwinoko ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito. Woti achepetse kapena kusintha ndi dokotala, atayeza.

Pa 31 Disembala wapitayu tinachezeranso kutchalitchi. Tinaimba, ana anamenya zitini, abusa ananena mawu omwe aja. Ndinatulutsa kapepala n'kulemba mzere umodzi wokha, kuti tsiku limene ndimakatenga mankhwala mwezi uliwonse ndizipita ndi munthu mmodzi wa kubanja kwathu akayezetse BP. Tsikulo lilipo kale pakhadi langa la kuchipatala, ulendo ulipo kale.

Woyamba ndi achimwene anga aakulu, amene amayendetsa lole ndipo akamaseka amafanana ndi bambo mpaka ndimatembenukira kumbali. Ndinawaimbira pa 2 Januwale.

"Ine ndili bwinobwino, mlongo. Sindimva paliponse kupweteka."

"Bambonso sankamva kupweteka, achimwene."

Foni inakhala zii kwa kanthawi, ndikungomva injini ikulira chapatali. Kenako anafunsa kuti chipatalacho amatsegula nthawi yanji, ndipo anati Lachiwiri akhala ali m'tauni, ndiwadikire pa Clock Tower.